Intaneti ya Pakhomo Kumudzi: Kodi Netiweki ya Mafoni Ingakwanire?

[NYIMBO YOTSEGULIRA, KENAKO ITSIKE PANG'ONOPANG'ONO]

WOULUTSA: Ino ndi pulogalamu yanu ya luso lamakono, ndipo lero tikamba za intaneti kumadera akumidzi. Tikamba za intaneti ya pamalo amodzi, yogwiritsa ntchito anthu angapo: pakhomo, pasukulu, pachipatala chaching'ono, pagolosale, pa ofesi ya kopaletivi ya alimi. Ambiri mwakhala mukufunsa ngati netiweki ya mafoni a m'manja ingagwire ntchito yomwe intaneti yodzera mu nthambo imagwira m'tauni. Muno ndili ndi mmisiri amene ntchito yake ndi kulumikiza intaneti m'masukulu ndi m'maofesi akutali ndi tauni. Bambo, mwaswera bwanji?

MMISIRI: Ndaswera bwino mayi, kaya inu ndi omvera athu?

WOULUTSA: Taswera. Tisachedwe. Kumayiko ena timamva kuti anthu akudula nthambo m'nyumba zawo n'kuyamba kudalira rauta ya simu khadi. Kuno kwathu nkhaniyi ili pati?

MMISIRI: Kuno kwathu ambiri akumudzi alibe nthambo yoti adule, chifukwa sinafikeko n'komwe. Lamya za nthambo zinkapezeka ku positi ofesi, kupolisi, kumishoni, m'maesiteti a tiyi ndi fodya, ndiponso m'maofesi a pa boma. M'chaka cha 2000 bungwe la boma loona za makalata ndi lamya linagawidwa pawiri, makalata n'kupita ku Malawi Posts Corporation, lamya n'kupita ku kampani ya MTL. Koma nthawi imeneyo mafoni a m'manja anali atalowa kale m'dziko muno. TNM inakhazikitsidwa mu 1995. Celtel inabwera mu 1999, inasintha dzina kukhala Zain mu 2008, kenako Airtel mu 2010. Lero pa anthu 100 alionse, amene ali ndi lamya ya nthambo sakwana ngakhale mmodzi.

WOULUTSA: Nanga chinaletsa nthambo kufika kumidzi n'chiyani?

MMISIRI: Ndalama, mayi. Kalembera wa 2018 anapeza kuti tinalipo anthu pafupifupi 17.5 miliyoni, ndipo 84 mwa anthu 100 alionse amakhala kumudzi. Kukumba ngalande kapena kuimika mapolo mtunda wa makilomita 20 kuti mulumikize nyumba zisanu, kampani iliyonse imawerengera n'kuona kuti ndalama zake sizibwerera. Nthambo zakale zija zinali za kopa, ndipo intaneti yodzera mu kopa imafooka kwambiri mukatalikira makilomita 5 kuchokera pa makina a kampani. Onjezanipo akuba. Kopa ali ndi msika, ndiye nthambo zinkadulidwa usiku. Vutoli si la kuno kokha. Abale athu a ku Joni akudziwa kuti ku South Africa kampani ya Telkom yakhala ikuchotsa makasitomala ake pa nthambo za kopa n'kuwapatsa nthambo za faiba kapena marauta a simu khadi, ndipo kuba kwa nthambo ndi chimodzi mwa zifukwa zake. Nsanja imodzi ya mafoni, mukaiimika pachitunda, imafikira midzi yambiri nthawi imodzi. N'chifukwa chake kumudzi kwapambana nsanja.

WOULUTSA: Ndiye yankho ndi lakuti inde, netiweki ya mafoni ikukwanira?

MMISIRI: Kwa ambiri inde, makamaka chibwerere cha 4G. TNM inayamba 4G mu 2016, Airtel mu 2018. Koma yankho loona silili mu situdiyo muno, lili pakhomo panu penipeni. Anthu awiri a mudzi umodzi, wina kumtunda wina kudambo, akhoza kugula rauta yofanana kusitolo imodzi, wina n'kumaonera kanema bwinobwino, wina ngakhale chithunzi osatseguka. Chomwe chimandiwawa n'chakuti anthu amayamba ndi kugula. Amagulitsa mbuzi, amakwera minibasi kukagula rauta m'tauni, akafika kunyumba ndi pomwe amayamba kufufuza ngati netiweki ilipo. Kugula kumayenera kukhala komalizira.

WOULUTSA: Tiuzeni ndiye poyambira.

MMISIRI: Poyambira sipafuna ndalama zambiri. Pezani foni yamakono yomwe imagwira 4G, ngakhale yobwereka, ndi masimu khadi a makampani onse awiri. Gulani kabandulo kakang'ono pa simu iliyonse. Yendani pakhomo panu ponse: m'nyumba, pawindo lililonse, pakhonde, kuseri kwa nyumba, pachulu ngati chilipo. Paliponse muone kachilembo kali pamwamba pa foni. Mukaona E, imeneyo ndi 2G, ya mauthenga basi, musaiwerengere. Mukaona 3G kapena H, mukhoza kugwira ntchito koma mopirira. Chomwe mukufuna ndi 4G kapena LTE, ndipo chikhazikike, chisamabwere n'kumachoka.

WOULUTSA: Ambirife timangoyang'ana timizere tija ta netiweki. Tikadzaza timati zili bwino.

MMISIRI: Timizere timanama, mayi. Kampani iliyonse yopanga mafoni imatijambula mwa njira yake, moti mafoni awiri ali patebulo limodzi akhoza kuonetsa zosiyana. Pali nambala yomwe ndi yodalirika. Pa mafoni ambiri a Android mukalowa mu Settings, n'kupita pomwe alemba About phone, kenako SIM status, mupeza nambala yokhala ndi kachizindikiro kochotsera kutsogolo, ndipo kumapeto kwake alemba dBm. Pa 4G, nambalayo ikakhala pafupi ndi -80, muli pabwino kwambiri. Ikakhala cha m'ma -100, ntchito igwirika. Ikafika -110 kapena -115, muli kumalire, ndipo rauta ya m'nyumba yokha ikukhumudwitsani. Kumbukirani kuti apa nambala yaikulu ndiye yoipa: -115 ndi yofooka kuposa -90. Lembani manambalawa m'kope, malo ndi malo, simu ndi simu.

WOULUTSA: Kuyesa kwa tsiku limodzi kukwanira?

MMISIRI: Ayi, ndipo apa ndi pomwe pagona nkhani yonse. Nambala ija imangokuuzani mphamvu yomwe ikufika kuchokera kunsanja. Siikuuzani kuti pansanjapo pali anthu angati. Nthambo ikalowa m'nyumba mwanu, chigawo chomalizacho ndi chanu nokha. Nsanja ndi ya aliyense. Zili ngati mjigo wa m'mudzi: madzi alipo, koma m'mawa kwambiri mumatunga mosavuta, pomwe madzulo zidebe zimandanda mpaka kumsewu. Choncho yesani m'mawa, yesani masana, ndipo makamaka yesani pakati pa 7 ndi 9 koloko madzulo, anthu ataweruka, aliyense ali pa WhatsApp ndi TikTok. Yesaninso tsiku la msika ngati muli pafupi ndi malo a malonda. Tsegulani kanema wa pa YouTube muone ngati akuyenda osaimaima. Imbirani m'bale wanu foni ya kanema. Chitani zimenezi sabata yathunthu. Mukapeza kuti masana intaneti ikuthamanga koma madzulo aliwonse ikukwawa, dziwani kuti nsanjayo yadzaza, ndipo palibe rauta, ngakhale yodula bwanji, yomwe ingakonze zimenezo. Chomwe mungachite ndi kuyesa kampani inayo kapena kuloza nsanja ina.

WOULUTSA: Kwa sukulu, yomwe imagwira ntchito masana, zimenezi zikhoza kukhala nkhani yabwino.

MMISIRI: Mwalasa. Sukulu ndi ofesi zimapindula chifukwa nthawi yawo ndi yomwe nsanja ili ndi mpata. Amene amavutika ndi wophunzira wa maphunziro apamwamba amene amawerenga usiku akachoka kuntchito, kapena banja lofuna kuonera mpira.

[KANYIMBO KAKAFUPI]

WOULUTSA: Mukumvera pulogalamu ya luso lamakono, ndipo tikukamba za intaneti ya pakhomo kumudzi. Bambo, tiyerekeze kuti munthu wayesa. Panja 4G ikugwira, koma akangolowa m'nyumba ikuthawa. Chimachitika n'chiyani?

MMISIRI: Malata ndi khoma. Chitsulo chimabweza mafunde a wailesi, ndiye denga la malata limatchinga zambiri. Khoma lochindikala la njerwa zootcha nalonso limadya mphamvu. Nyumba yofolera ndi udzu pa nkhani iyi yokha imaposa ya malata. Palinso mapiri ndi mitengo. Mafundewa amakonda njira yoongoka, kuchoka pansanja kufika pa inu. Ku Ntcheu, ku Dedza, ku Neno, ku Rumphi kapena ku Chitipa, mukhoza kukhala makilomita atatu okha kuchokera pansanja koma phiri lili pakati, basi mulibe kanthu. Wina ali kuchigwa cha Shire kapena m'mbali mwa nyanja, pamtunda wa makilomita 15, akugwira bwino chifukwa palibe chotchinga. Mitengo ya mango ikachita masamba ambiri, makamaka ikanyowa ndi mvula, imachepetsanso mphamvu. N'chifukwa chake ena amadabwa kuti intaneti inali bwino mu Okutobala koma mu Januwale yasintha.

WOULUTSA: Nanga n'chifukwa chiyani malo ena munthu amatha kuimba foni bwinobwino koma intaneti osagwira?

MMISIRI: Nsanja imatumiza mafunde a mitundu ingapo. Otsika, monga a 800 kapena 900 MHz, amapita kutali ndipo amalowa bwino m'nyumba, koma sanyamula zambiri. Okwera, monga a 1800, 2100 kapena 2600 MHz, amanyamula zambiri koma safika patali. Mukakhala kutali, amene amakupezani ndi otsika aja, ndipo nthawi zina amakhala a 2G okha. Komanso si nsanja iliyonse yakumudzi yomwe anaiika zipangizo za 4G. Kuona nsanja ndi maso sikutanthauza kuti ili ndi zonse.

WOULUTSA: Ndiye wa nyumba ya malata uja atani?

MMISIRI: Ayambe ndi zaulere. Aike rauta pawindo loyang'ana kunsanja, pamwamba, osati pansi pa tebulo kapena kuseri kwa wailesi yakanema. Kungosuntha rauta kuchoka pakati pa nyumba kupita pawindo kumasintha zinthu kwambiri. Zikakanika, ndiye pafunika mlongoti wa panja. Mumauika pa paipi yachitsulo kapena pa mtengo wautali wa bulugama, kupitirira denga, n'kuuloza kunsanja. Wina amatembenuza pang'onopang'ono, wina ali pansi akuwerenga nambala ija, mpaka mutapeza pomwe ili bwino. Kutalika n'kofunika kuposa mtengo wa chipangizo. Mamita atatu oonjezera akhoza kuchita zomwe rauta yodula kawiri singachite.

Koma pali msampha. Chingwe chochoka pa mlongoti kupita ku rauta chimataya mphamvu pa mita iliyonse. Mukachitalikitsa mpaka mamita 20, zonse zomwe mlongoti wakola zimathera m'njira. Chikhale chachifupi, mamita asanu kapena osapitirira khumi, ndipo chikhale chabwino. Ngati mtunda ndi wautali, njira yabwino ndi kugula rauta yopangidwira panja, yomwe simu khadi imalowa m'mwamba momwemo, kenako n'kutsitsa chingwe cha kompyuta chotchedwa Ethernet. Chimenecho chimayenda mpaka mamita 100 osataya kanthu, ndipo marauta ambiri a panja amalandira magetsi kudzera m'chingwe chomwecho.

WOULUTSA: Chitsulo chachitali pamwamba pa nyumba nthawi ya dzinja, sitikuitana mphenzi?

MMISIRI: Funso limenelo ndi la moyo, ndipo ndikupempha omvera asalitenge mopepuka. Paipi iliyonse yoimikidwa pamwamba iyenera kulumikizidwa ndi waya wochindikala wopita ku chitsulo chokhomeredwa pansi m'nthaka. Ntchito imeneyi apatseni amisiri a zamagetsi. Mabingu akayamba, zulani chingwe cholowa m'nyumba. Ndipo musaimike mlongoti pafupi ndi mawaya a ESCOM, poganizira komwe ungagwere mphepo ikaomba.

WOULUTSA: Pali timakina tina timene anthu amaitanitsa kunja, amati timakuza netiweki m'nyumba monse. Mungatilimbikitse?

MMISIRI: Ayi, sindingatero. Mlongoti umangomvetsera bwino, suvutitsa munthu. Koma timakina tokuza netiweki timaulutsa mafunde patokha, ndipo totchipa tambiri timasokoneza nsanja, moti anzanu m'mudzi monse mafoni amayamba kuduka. Mafunde a wailesi m'dziko muno amayang'aniridwa ndi bungwe la MACRA, ndipo zipangizo zoulutsa ziyenera kukhala zovomerezeka ndi bungweli. Ngati mukuona kuti pakufunika chotere, kambiranani ndi kampani ya mafoniyo.

[KANYIMBO KAKAFUPI]

WOULUTSA: Tabwereranso. Tsopano tikambe zogula. Kusitolo kuli timakina ta m'thumba totchedwa MiFi, kuli marauta aakulu, ndipo ena amati foni yokha ikukwanira.

MMISIRI: Kwa munthu mmodzi kapena awiri, foni ikukwanira. Mumatsegula hotspot, kompyuta n'kulumikizika. Kuipa kwake, foni imatentha, batire limafa msanga, ndipo mwini foni akapita kumaliro kapena kumunda, intaneti ya nyumba yonse yapita naye. MiFi ndi yabwino kwa woyendayenda, ili ndi batire lake, koma mphamvu yake yokoka ndi yochepa ndipo zambiri zilibe polumikiza mlongoti. Kumudzi komwe netiweki ndi yofooka, ine ndimati gulani rauta ya patebulo, ndipo musanalipire muitembenuze muone ngati kumbuyo kuli timabowo tiwiri tomangirapo mlongoti wa panja. Lero simungaufune, koma mawa mudzaufuna.

Chinanso, funsani ngati rautayo imalola simu ya kampani iliyonse. Zogulitsidwa ndi makampani a mafoni nthawi zambiri zimakhala zotchipirapo koma zokhomedwa, zimangolola simu yawo. Ngati mwayesa sabata yonse ndipo mwatsimikiza kuti kampaniyo ndi yomwe imagwira kwanuko, palibe vuto. Ngati muli pakatikati, onjezerani ndalama mugule yosakhoma. Ndipo inu amene muli ndi ana ku Joni, akamakutumizirani rauta auzeni atsimikize kuti si yokhomedwa ku kampani ya kumeneko. Zambiri zimafika kuno n'kukhala zokongoletsa pa kabati.

WOULUTSA: Nanga 5G? Achinyamata amaitchula kwambiri.

MMISIRI: TNM inayamba kuyesa 5G mu 2023, m'malo ochepa a m'mizinda. Wa kumudzi asawononge ndalama pa rauta ya 5G panopa. Ndalama imeneyo ikagule mlongoti ndi batire.

WOULUTSA: Mwatchula batire. Kalembera yemwe uja anaonetsa kuti nyumba zounikira magetsi zinali pafupifupi 11 pa 100 zilizonse, ndipo kumudzi n'zochepa kuposa pamenepo.

MMISIRI: Apa pali nkhani yosangalatsa. Rauta siidya magetsi ambiri. Zambiri zimafuna mawati osapitirira 10 kapena 12, ndipo zimayendera mavoti 12, omwe ndi ofanana ndi a batire la sola. Tiwerengere limodzi. Mawati 10 kwa maola 24 ndi 240. Batire la mavoti 12 la 50 Ah limasunga 600, koma batire la mtundu wakale lija simuyenera kulikhuthula kupitirira theka, ndiye muli ndi 300. Likukwanira tsiku lathunthu. Sola ya mawati 100 pa tsiku la dzuwa labwino imabweza zoposa pamenepo. Mukamazimitsa rauta pogona, ngakhale sola yocheperapo ikwanira. Ndipo musadutsitse magetsi mu inveta kuti muwakweze kufika 230 kenako chaja n'kuwatsitsanso kufika 12. Mukutaya mphamvu pachabe. Mmisiri akupangireni chingwe chochoka pa kabokosi koyang'anira batire kupita ku rauta, chokhala ndi fyuzi, atayamba waona kaye mavoti olembedwa pansi pa rautayo.

Koma dziwani kuti nsanja nayonso imadya magetsi. Magetsi akazima nthawi yaitali imadalira mabatire ndi jenereta, ndipo mafuta akasowa kapena msewu ukaduka, imazima. Tinaziona namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko n'kutaya pafupifupi mamegawati 130, komanso nthawi ya namondwe Freddy mu Malichi 2023 m'chigawo cha kummwera. Inu sola yanu ikhoza kukhala yodzaza, koma nsanja ili chete.

WOULUTSA: Ndiye kuti ngakhale intaneti ya mafoni ili ndi zomwe imadalira kuseri.

MMISIRI: Kwambiri. Nsanja imalumikizidwa ndi faiba, kapena ndi mbale zozungulira zija mumaziona m'mwamba, zomwe zimatumizirana ndi nsanja ina mpaka kukafika m'tauni. Kuchoka apo, poti dziko lathu silinachite malire ndi nyanja yamchere, intaneti yathu imadzera m'mayiko oyandikana nawo monga Tanzania ndi Mozambique kuti ikapeze nthambo za pansi pa nyanja. Mu Meyi 2024 nthambo ziwiri zotere, EASSy ndi Seacom, zinaduka kufupi ndi gombe la South Africa, ndipo intaneti inavuta m'mayiko angapo a kuno kum'mawa kwa Africa, kuphatikizapo Malawi. Tsiku ngati limenelo musakwere padenga kukagwedeza mlongoti. Funsani kaye anzanu ngati nawonso zikuwavuta.

[KANYIMBO KAKAFUPI]

WOULUTSA: Tifike pa thumba. Dandaulo lomwe timalandira kwambiri ndi lakuti bandulo ya mwezi yatha pa masiku anayi.

MMISIRI: Apa ndi pomwe intaneti ya mafoni imasiyana kwambiri ndi ya nthambo. Ya nthambo kawirikawiri mumalipira liwiro, n'kugwiritsa ntchito mmene mungathere. Ya mafoni mumalipira muyeso. Ndiye muyenera kudziwa chomwe chimadya. GB imodzi ndi ma MB pafupifupi 1,000. Mauthenga olemba sadya kanthu. Kuimba kwa mawu pa WhatsApp sikufika MB imodzi pa mphindi. Chilombo ndi kanema. Kanema wooneka mwapakatikati amadya kufika GB imodzi pa ola, ndipo wowala kwambiri uja wa HD akhoza kudya ma GB atatu pa ola. Banja likamaonera maola awiri tsiku lililonse pa muyeso wapakatikati, pamwezi ndi ma GB 60. Bandulo ya ma GB 10 pamenepo singaone Lachisanu.

WOULUTSA: Koma ena amalumbira kuti sanaonere kanema aliyense.

MMISIRI: Ndimawakhulupirira, chifukwa pali akuba a m'nyumba momwemo. Foni ikalumikizika ku rauta imaona ngati yapeza intaneti yaulere. Imayamba kukonzanso mapulogalamu ake onse, kutumiza zithunzi zonse kokazisunga, kukopera makanema a m'magulu a WhatsApp. Kompyuta ya Windows ikhoza kukopera ma GB angapo usiku umodzi popanda kukufunsani. Mankhwala ake alipo. Pa kompyuta ndi pa foni pali posankha kuti Wi-Fi imeneyi ndi yoyezedwa, pa Chingerezi amalemba metered. Tsegulani pamenepo pa chipangizo chilichonse cha m'nyumba. Pa WhatsApp letsani kukopera zinthu pakokha. Pa YouTube tsitsani kawonekedwe kufika 360 kapena 480, pa foni simuona kusiyana kwenikweni. Pa Facebook letsani makanema kuyamba okha.

Kusukulu nkhaniyi ndi yaikulu. Makompyuta 20 onse akamakopera chinthu chimodzimodzi, mwalipira ka 20. Mphunzitsi akopere kamodzi, makamaka usiku kapena m'mamawa pomwe nsanja ili ndi mpata, kenako agawire enawo pa fulashi.

Ndipo ikani nambala yachinsinsi yolimba pa Wi-Fi, musinthenso ya fakitale yolowera mu rautamo. Mukapatsa mwana mmodzi wa kwa aneba, pofika Loweruka anyamata onse a m'mudzi ali tsonga kuseri kwa bafa lanu. Musasiyenso mayunitsi ambiri mu simu ya rauta, chifukwa bandulo ikatha, pena intaneti imapitirira kudya mayunitsiwo pa mtengo wokwera.

WOULUTSA: Nanga mabandulo omwe amati alibe malire?

MMISIRI: Werengani timalemba tating'ono, kapena funsani wogulitsa mosapita m'mbali kuti, kodi ndikafika ma GB angati mudzanditsitsa liwiro, ndipo mudzalitsitsa kufika pati? Ambiri mwa mabandulo otere ali ndi muyeso wobisika. Sakudulani, koma amakuchedwetsani. Mitengo sinditchula pano chifukwa imasinthasintha. Chomwe ndinganene n'chakuti zipangizo zonsezi zimachokera kunja, ndipo kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 zinakwera mtengo kwambiri. Kugula molakwika lero kumapweteka kuposa kale.

WOULUTSA: Tili ndi funso lochokera kwa omvera a ku Mchinji. Akuti foni yawo nthawi zina imalemba dzina la kampani ya ku Zambia. Kodi rauta ingachitenso zimenezi?

MMISIRI: Ingachite, ndipo zimachitikanso ku Dedza, ku Mwanza, ku Muloza, ku Songwe ndi ku Likoma. Mafunde sadziwa malire a dziko. Simu ikakola nsanja ya dziko lina, bandulo yanu ya kuno nthawi zambiri siigwira ntchito, ndipo mtengo wake ndi wina. Lowani mu rauta, muletse pomwe alemba roaming, ndipo musankhe nokha kampani yanu m'malo molola makina kusankha okha. Mlongoti woloza mbali imodzi umathandizanso, chifukwa umafulatira nsanja ya kutsidya.

WOULUTSA: Ena afunsa za Starlink.

MMISIRI: Starlink inayamba kugwira ntchito m'Malawi mu Julayi 2023. Imeneyo siidalira nsanja. Mbale yake imalankhula ndi masetilaiti omwe amazungulira pa mtunda wa makilomita pafupifupi 550 kuchokera pansi. Masetilaiti akale a intaneti ali pa makilomita pafupifupi 36,000, n'chifukwa chake ankachedwa kuyankha. Kumalo komwe kulibiretu netiweki, monga kuseri kwa mapiri kapena m'nkhalango zosungira nyama, ndi njira yeniyeni. Koma zipangizo zake n'zodula, malipiro ndi a mwezi ndi mwezi, imafuna kumwamba kopanda mitengo, ndipo imadya magetsi kuchulukitsa kangapo poyerekeza ndi rauta ya simu, kotero sola ndi batire ziyenera kukula. Kwa chipatala, malo ogona alendo kapena sukulu yaikulu, ndalama zake zikhoza kumveka. Kwa banja wamba lomwe 4G ikufika pakhomo, ine sindiona chifukwa.

WOULUTSA: Pali maofesi ena a pa boma, mamishoni ndi mabizinesi a m'mbali mwa misewu ikuluikulu amene nthambo ali nayo kale. Adule?

MMISIRI: Ngati ndi kopa wakale amene amangodukaduka, yesani rauta ya simu kwa mwezi wathunthu nthambo ikadalipo, kenako muyerekeze liwiro ndi ndalama. Kawirikawiri 4G yabwino imapambana. Koma ngati ndi faiba ndipo ikugwira ntchito, musadule. Faiba siisamala za mvula, za masamba a mango kapena za tsiku la msika, ndipo pa ofesi ya anthu khumi otumiza mafayilo tsiku lonse, mabandulo adzakudyerani ndalama zambiri kuposa zomwe mukulipira panopa. Chanzeru ndi kusunga faibayo n'kugula rauta ya simu yongodikirira tsiku lomwe okonza msewu adzadule nthambo ndi makina awo.

WOULUTSA: Funso lomaliza likuchokera kwa amfumu ena amene akuti m'dera lawo lonse mulibe netiweki, anthu amakwera phiri kuti aimbe foni. Iwowa zonse takambazi sizikuwakhudza. Apite kuti?

MMISIRI: Zikomo gogo chalo chifukwa cha funsoli. Lamulo la zamauthenga la 2016 linakhazikitsa thumba la ndalama lotchedwa Universal Service Fund, lomwe lili pansi pa MACRA, ndipo ntchito yake ndi kuthandiza kufikitsa mauthenga kumadera omwe makampani saonako phindu. Dandaulo la pakamwa pa msonkhano silipita patali. Lembani kalata kudzera ku komiti ya chitukuko ya m'dera, ipite kukhonsolo, ina ku MACRA, inanso ku makampani a mafoni. M'kalatamo mutchule midzi ingati, anthu angati, masukulu, chipatala, msika ndi tsiku lake, komanso malo enieni omwe anthu amakaimbira foni. Amisiri akamasankha poimika nsanja amayang'ana zinthu zimenezo, ndipo phiri lomwe anthu amakweralo nthawi zambiri ndi lomwe amayamba kukaliyeza.





WOULUTSA: Omvera, sabata yamawa nthawi ngati yomwe ino tidzakamba za kasamalidwe ka mabatire a sola. Pitirizani kutumiza mafunso anu. Tsalani bwino.

[NYIMBO YOTSEKERA]